Nyanja Yanga Inathera pa Luangwa

Vuto linabwera ndi foni ya alamu anga. Anaonetsa amake Tisa chithunzi cha Hallstatt, kamzinda ka ku Austria ka m'mbali mwa nyanja, mapiri ake ali mbuu ngati ufa woyanika pamphasa. Amake Tisa anausa moyo, n'kundiyang'ana ngati mbuzi yomwe yadya chimanga cha eni.

"Zomwezo zili ku Siavonga," ndinatero ine, munthu amene ulendo wake wautali ndi wa ku Chipata kumaliro. "Nyanja ya Kariba ilipo, mapiri alipo. Kukusowa ufawo basi." Ndinalinso ndi chifukwa changa. Chiimikireni khoma la damu la Kariba mu 1959 amati magetsi amachokera kumeneko, ndipo mu 2024 anatisowa kwambiri. Ndinkafuna ndikaone kumene amagona.

Ndinawerengera zonse m'kope la masamu la Tisa: makilomita 400 kuchoka ku Petauke kufika ku Lusaka, ena pafupifupi 200 kutsetserekera ku Siavonga. Ndinagulitsa matumba atatu a nshawa. Pa salaula ndinagula chijekete chaubweya, poti pachithunzi paja aliyense anali atavala chotere. Unali mwezi wa Okutobala, nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa.

Basi itaima pa Nyimba, amayi a nthochi anazinga mawindo. Mmodzi anandiona ndi chijekete chija n'kuti, "Bwana, izi n'zanu." Chibadwire palibe anandiitanapo bwana. Ndinagula mkoko wonse, n'kugawira basi yonse mpaka kondakitala. M'mapiri a Kacholola nthochi zija zinayamba kufunsa njira yobwerera, ine thukuta kamukamu, koma jekete osavula. Bwana savula.

Pa Luangwa Bridge tinatsika kuti tiwongole miyendo. Amake Tisa anaona nsomba zouma, kenaka madengu, kenaka mphasa. Ine ndinalimbana ndi wogulitsa kuti achotseko K5. Ndinapambana ndithu, koma pocheuka basi inali itapita. Nditapapasa m'thumba, zotsala zinali zongokwanira kubwerera kumudzi.

Tinayala chijekete pamthunzi, tikuyang'ana madzi ndi mapiri, tikutafuna nsomba. Ndinati andijambule, phiri lionekere kumbuyo, alamu akaone.

Amake Tisa analoza kumadzi ndi mutu wa nsomba. "Atate ake a Tisa, jambulitsani msanga. Nyanja yanu ija ikuyenda."