Boti Lilipo, Madzi Ali M'njira

Anthu akamva kuti ku Neno kuli kalabu ya mipikisano ya maboti a mathanga, amayamba aseka kaye, kenaka n'kufunsa kuti nanga madzi ake ali kuti. Limeneli ndi funso la munthu amene sanakhalepo m'bungwe. Kwathu kuno choyambitsa kalabu si madzi, ndi komiti. Ife komiti tili nayo yathunthu, pamodzi ndi malamulo otayipa, chidindo, buku la malisiti ndi gulu la pa WhatsApp limene limalira mpaka tambala woyamba. Madziwo akubwera. Pa Mpatamanga, pamene Shire amatilekanitsa ndi anzathu a ku Blantyre, akuti amangapo damu la magetsi oposa mamegawati 350, ndipo damu likatchinga mtsinje, kumtunda kwake kumabadwa nyanja. Ife amene tinaphunzira kudikira phula chipatukireni Neno ku Mwanza mu 2003, kudikira nyanja sikungatidwalitse mutu.

Anayambitsa zonsezi ndi bambo wina amene anapuma ntchito ku Capital Hill n'kubwerera kumudzi ndi penshoni, majekete atatu ndi nthawi yosowa nayo chochita. Akadali ku Lilongwe, Lamlungu lina bwana wawo anawatengera ku Kamuzu Dam, kumene a Lilongwe Sailing Club amathamangitsa timaboti tawo. M'boti sanakweremo. Anakhala pamthunzi, ndipo ali pomwepo anaona chinthu chimene chinawakhazikika mumtima: anthu ankatuluka m'madzi atanyowa, mano akugundana, n'kumakapereka moni waulemu kwa bambo wina wouma bwinobwino amene ankamutchula kuti Commodore.

Chisankho chinachitikira kuseri kwa resitihausi ina pa boma. Mipando inali yambiri, choncho palibe anabwerera chimanjamanja. Bambo aja anaukana u-Commodore katatu, monga mwa mwambo, n'kuuvomera msanga kachinayi anthu asanasinthe maganizo. Achiwiri awo, amene timangowatchula kuti a Vice, ndi mwini chigayo. Ulembi unapita kwa aphunzitsi aakulu opuma, amene Chingerezi chawo chimafuna kuchimvera utakhala pansi. Chuma tinachipereka kwa mayi amene amasunga bokosi la banki m'khonde, poti tonse tili nawo ngongole ndipo dzanja lotsutsa linkalemera kulikweza. Ine anandipatsa zofalitsa nkhani. Panatsala mnyamata mmodzi wopanda mpando, tinamupangira wake wa woona zanyengo, ndipo chiyambireni amaimirira pamsonkhano uliwonse n'kutidziwitsa kuti kunja kukuzizira.

Malamulo a masewerawa anatikopera pa intaneti ndi mdzukulu wa a Mlembi.

"Boti la thanga," anatero a Mlembi magalasi atatsikira pamphuno, "silingalunjike kumene mphepo ikuchokera. Ukafuna kupita kumeneko umalowera cham'mbali, n'kutembenuka, n'kulowera mbali inayo, mokhotakhota choncho mpaka ukafike."

"Ndiye ngati mmene mumabwerera kwanga mukafuna ngongole," anatero mayi a Msungichuma. "Kuyamba za mvula, za matenda a apongozi, za mtengo wa feteleza, dzuwa likamapendeka m'pamene mumati, mayi, paja bokosi lija lili bwanji?"

Amene anaseka anasekera m'khosi.

Lamulo lina limati maboti awiri akakumana, limene mphepo ikuliwomba kuchokera kumanzere lipatukire linzake. A Vice anafunsa kuti nanga wakumanzereyo akakhala wamkulu, apatukire mwana? Tinakambirana ola lathunthu, n'kugwirizana kuti lamulo likhale momwemo koma ulemu uzigwira ntchito. Lija lakuti wogunda mnzake azungulire kawiri pomwe alipo, yekha, popanda womugwira, tinaliona kuti ndi nthabwala za azungu. Kawerengedwe ka mapointi sikanavute: woyamba amapatsidwa pointi 1, wachiwiri 2, ndipo wa mapointi ochepa ndiye katswiri. Tonse tinalipirirapo ana a Fomu 4, tikudziwa kuti pa MSCE wovinidwa ndi wa mapointi 6. Koma m'manja munawombedwa kwambiri a Mlembi atafika pa mutu wakuti mpikisano uliwonse umakhala ndi komiti yomva madandaulo. Aliyense anafuna kukhalamo, ngakhale amene ankawodzera.

Nkhani zimene ndakhala ndikufalitsa pa gulu lathu lija, kunena zoona, za maboti n'zochepa. Zambiri ndi za chipepeso, za zinkhoswe, ndi mkangano wa mtundu wa nsalu ya kalabu, umene unafika pakuti awiri anatuluka m'gulu n'kubwezeredwa ndi abusa. Thumba la maliro linakula kuposa thumba la boti. Ine sindiona cholakwika pamenepo. Pa boma laling'ono ngati lathu, bungwe limene silingabwere ndi thumba la ufa pa siwa ndiye kuti kulibe, ngakhale litakhala ndi sitima ya m'madzi.

Boti tinalipeza mu Febuluwale, lakalekale, kwa mwini loji wina ku Mangochi amene ankafuna kulisandutsa modyera nkhumba. Linakwera lole imene inakatula kachewere ndipo inkabwerera yopanda katundu. Aliyense amene anakwerapo ku boma m'dzinja akudziwa kale chimene chinachitika pachitunda. Lole inatitimira mpaka m'mimba. Tinalemba ganyu anyamata a m'mudzi wapafupi, iwo n'kulisenza pamutu, ife a komiti tikutsatira pambuyo ndi maambulera, nsapato zili m'manja.

A Mlembi sakanalola mwayi wotere kuwapitirira. Anaimitsa ulendo pakati pa matope n'kuwauza anyamatawo kuti akulowa m'mbiri ya dziko. Mu 1875, anatero, sitima yoyamba yotchedwa Ilala, imene anabwera nayo E. D. Young ndi Dr Robert Laws, sikanatha kukwera mathithi a Shire. Anaiphwasula, anthu mazanamazana n'kusenza zidutswa zake pamutu mpaka kumtunda kwa mathithiwo, kumene anailumikizanso n'kupita nayo kunyanja. Ndipo Matope wathu yemweyu kwa zaka zambiri linali dooko la sitima za a Mandala zolowera kunyanja. Zonsezi n'zoona. Anyamatawo anamvetsera mwaulemu, boti lili pamutu, mvula ikuwatsikira m'makosi. Kenaka wamkulu wawo anafunsa: "Madala, nanga a 1875 amenewo anawalipira asananyamule kapena atafika?"

N'kaboti ka mamita anayi, kamene kale kanali koyera. Kali ndi mlongoti umodzi, thanga la zigamba ziwiri, tsigiro, ndi thabwa lina losalala limene limalowetsedwa pabowo la pakati kuti mphepo isamakankhire boti cham'mbali. Thabwa limenelo linasowa mwezi wathunthu. Linakapezeka kukhitchini kwa a Commodore, mayi akunyumba akudulirapo mpiru, ndipo anatibwezera monyinyirika. Botilo linakhazikika pakhonde pawo. Pofika mu Meyi munali manachesi odikira ogula a ku Blantyre, pakona pake thadzi likufungatira mazira.

Nkhani ya kumene tingakaliyese inadya misonkhano yambiri, uliwonse ndi zoziziritsa kukhosi zake. Pa Zalewa Shire ndi waukali, ndipo ng'ona za pamenepo sizidziwa udindo wa munthu. Ku Nkula ndi ku Tedzani madzi alipo, koma ndi opangira magetsi a dziko lonse, ndipo palibe anafuna kuti ku Lilongwe kukada dzina lake limveke pa wailesi. Lisungwi mu Okutobala amalekeza m'akakolo, m'dzinja amatenga ndi ng'ombe zomwe. Ndiye mnyamata wa zanyengo uja, posadziwa kuti pali mafunso osafunsa pagulu, anakweza dzanja.

"Pepani akuluakulu, kodi pano odziwa kusambira alipo angati?"

Kunangoti zii. A Vice anayamba kufufuza kanthu m'foni. Wina anakumbukira kuti adokotala anamuletsa madzi ozizira chifukwa cha BP. A Commodore anati m'nthawi ya Kamuzu ankasambira koopsa, koma luso lotere si lomangoonetsa paliponse.

Wodziwa kusambira analipo mmodzi, kunja kwa chitseko: mlonda wa resitihausiyo, wobadwira ku Matope, amene anagwira nkhafi asanagwire pensulo. Umembala sakanaukwanitsa, poti ndalama yolowera imaposa malipiro ake a pamwezi, komanso malamulo athu amafuna jekete. Tinamupatsa udindo wa mlangizi wopanda voti. Ntchito yake yaikulu ndi kunyamula mipando.

Mpikisano tinauika mu Julayi, pamene mwera umakhala pachimake, nyengo imenenso akatswiri amathamangitsa maboti pa Nyanja ya Malawi, ulendo wa makilomita oposa 500 kuchokera kummwera kulowera kumpoto. Ife tinasankha bwalo la mpira la pasukulu. Zigubu zitatu zachikasu za mafuta ophikira zinakhala zizindikiro zozungulira. Poti boti ndi limodzi, tinagwirizana kuti mamembala azikwera mmodzimmodzi, anyamata asanu ndi mmodzi a kabaza azilinyamula pamapewa, a Mlembi azitenga nthawi pafoni. Majekete opulumutsa moyo tinabwereka kwa akabaza omwewo, aja onyezimira.

Pulogalamu inati 9 koloko, ndipo mwera unafikadi 9 koloko. Unawomba m'mawa wonse, kugwetsa tenti kawiri, kuulutsa chipewa cha abusa mpaka kuzimbudzi za sukulu. Mlendo wolemekezeka anafika 1 koloko itadutsa. Panali pemphero, kudziwana, mawu a mfumu, mawu a a Vice oitana a Commodore, mawu a a Commodore oitana mlendo wolemekezeka, ndi mawu a mlendoyo. Iye anayamba n'kutilonjeza kuti sachulutsa gaga m'diwa, kenaka anawerenga mapepala asanu otiyamikira polimbikitsa masewero a ntchemberembaye pakati pa atsikana. Tinawomba m'manja. Pamene ankakhala pansi n'kuti ngakhale tsamba la bulugamu silikugwedera.

Wenzulo inalira monga malamulo amanenera, patatsala mphindi 5, patatsala 4, patatsala 1, kenaka yoyambira. Anayamba ndi mayi a Msungichuma, atakhala mwaulemu m'boti, chitenje atakulunga bwino, chingwe cha thanga dzanja ili, chikwama dzanja linalo. Anyamata anauluka nawo, zigubu zonse zitatu fumbi lili koboo. Atakwera a Vice, amene chigayo chinawadalitsa m'thupi, zinthu zinasintha. Anyamata anafika pachigubu choyamba akupumira m'mwamba.

"Bwana, apa ndiye muwonjezera."

"Tayendani inu, tikambirana tikafika pagombe."

Pomwepo mwera unakumbuka kuti unaiwala kutsanzika. Unabwera kamodzi n'kamodzi, thanga linatembenuka, mtengo wake wam'munsi unawapeza a Vice pakhutu, boti linapendekeka, bambo aja n'kutsikira m'chisoso. Mlonda uja anali atakuwa kale kuti, "Weramani, bwana!" koma poti alibe voti, mawu ake sanalowe. M'buku mwalembedwa kuti boti la kalabu linagubuduzika koyamba tsiku limeneli, ndipo tikuthokoza Mulungu kuti palibe anamira.

Komiti ya madandaulo inakhala pansi 4 koloko, pamodzi ndi mbuzi imene inali mphotho ya wopambana, poti mlandu suweruzidwa ndi njala. Dandaulo loyamba linali lakuti anyamata anathamanga ndi mayi chifukwa anayi mwa iwo njinga zawo anagulira ndalama za m'bokosi. Mayi anayankha mofatsa kuti ngati nkhani ndi ya ngongole, buku lili m'chikwama momwemo, angathe kuwerenga mayina onse kuyambira pamwamba. Wodandaulayo anati anangofuna kumvetsa. A Vice anasumira mphepo, ndipo mnyamata wa zanyengo analandira kalata ya chenjezo.

Zotsatira anawerenga a Mlembi ataimirira. Mayi pointi 1, ine 2, enawo motsatana, a Vice kumapeto. Koma a Commodore, amene tsiku lonse anakhala mu tenti atavala lachiwiri mwa majekete atatu aja, m'boti sanakweremo, choncho analibe pointi ngakhale imodzi. Ndipo wa mapointi ochepa ndiye katswiri. Pali tsamba lina limene limati wosayamba nawo mpikisano amapatsidwa mapointi oposa a womaliza, koma inki ya mdzukulu uja inathera pomwepo. A Commodore anachikana chikho katatu. Mbuzi inali itatsala mutu ndi ziboda, ndipo anazipereka kwa mlonda pamaso pa anthu onse, atagwira kaye chimodzi mwa ziboda mpaka nditajambula.

Pamsonkhano wotsatira, titafika pa zina ndi zina, mlonda anagogoda n'kunjuta pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Mabwana anga, sabata yamawa ndikupita kumudzi. Kumtunda kwa Matope kuli malo odekha, ndimawadziwa. Mukanandibwereka botili tsiku limodzi, ndikaliyese pamadzi, ndidzakuuzeni ngati likuchucha."

Tinamupempha kuti adikire panja. Mayi anatikumbutsa mtengo wa boti, wa lole, ndi wa anyamata osenza aja. A Mlembi anasanthula malamulo a kalabu kuyambira koyamba mpaka kumapeto, osapeza ndime yonena za kuika boti m'madzi. A Vice, khutu likadali m'bandeji, anati iwo anaona ndi maso zimene botili limachita pamtunda, nanji pamtsinje. Tinavota, ndipo a Commodore anamuitana.

"Achimwene, komiti yayamikira mtima wanu. Koma boti limeneli ndi katundu wa kalabu, ndipo tinagula modula. Sitingalole kuti linyowe."