Za Njinga, Shuga ndi Dzuwa la ku Mangochi

Tsiku la 14 Novembala, limene maiko analipatula kuti azikumbukira matenda a shuga, pakuti ndilo tsiku lobadwa la Frederick Banting, mmodzi wa amene anatulukira insulin ku Toronto m'chaka cha 1921, limafika pa nyengo imene dzuwa la ku Mangochi silisiyanitsa bwana ndi mlonda wake. Chotero bambo wa mimba yolemekezeka, amene alembetsa dzina kuti apalase njinga kuchokera pa mlatho wa Bakili Muluzi kufikira ku Monkey Bay posonkhetsa ndalama za odwala, akumbukire kuti walira mvula walira matope.

Taonani, iye agula chisoti, magolovesi ndi kabudula wothina amene sangayerekeze kuvala pamaso pa apongozi ake. Koma asanaione n'komwe Nkopola, apitiriridwa ndi mnyamata wa kabaza wovala patapata, atanyamula mayi, khanda ndi dengu la usipa, amene apalasa msewu womwewo tsiku ndi tsiku popanda womuombera m'manja.

Ndalamazo n'zofunika ndithu, pakuti insulin sagwirizana ndi kutentha, ndipo kumidzi kumene firiji kulibe, odwala ena amamusunga mumtsuko wadothi. Chondizunguza mutu n'chakuti opalasawo akafika, ali wefuwefu, alandiridwa ndi Fanta wozizira, mandasi ndi tiyi wa masupuni anayi, ndipo a wapampando, atatha kudzudzula shuga m'mawu amphamvu, aitanitsa botolo lachiwiri.