Tizidole ta ku Guatemala ndi ngongole zanga

Anthu a mtundu wa Maya, amene amakhala kumapiri a dziko la Guatemala, ali ndi njira yawo yogonetsera mwana akasowa tulo. Amamupatsa kachidole kotalika masentimita 2 kapena 3 basi, kopangidwa ndi waya, ulusi ndi tizidutswa ta nsalu. Mwanayo amakanong'oneza chimene chikumusautsa mumtima, n'kukaika kunsi kwa pilo. Iye azigona, kachidoleko kachezere ndi nkhawayo. Pa Chisipanishi amati muñecas quitapenas, ndipo pamsika wa Chichicastenango, umene umachitika Lachinayi ndi Lamlungu, alendo amatigula m'timatumba kapena m'timabokosi, kawirikawiri tizidole 6 pamodzi.

Anandiuza zimenezi ndi mphwanga wina amene foni siichoka m'manja mwake. Anawonjezera kuti buku lakale la anthu amenewa, Popol Vuh, limati milungu inayesa kuumba munthu ndi dothi, zinakanika, inayesa ndi mtengo, zinakanikanso, mpaka inamuumba ndi ufa wa chimanga. Apo ndiye ndinagonja. Anthu odziwa kuti munthu ndi chimanga sanganame, amenewo ndi abale athu.

Kenaka ndinawerengera. Sing'anga amafuna nkhuku yakuda, ndipo masiku ano amalandiranso ya pafoni. Mneneri amafuna ubzale kaye mbewu. Mnzako wa kubawo amamvetsera ulere, koma pofika mawa nkhani yako ili pachigayo. Kachidole sikalipiritsa, komanso kalibe pakamwa. Munthu wa malipiro ngati anga, amene amalowa pa 27 n'kutsanzika pa 3, thandizo laulere salilambalala.

Zipangizo sizinavute. Ndinapita kwa atelala a pakhonde la golosale kukapempha mapisi, n'kuwauza kuti ndi za mwana, aphunzitsi atuma. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Achimwene, sukulu anatsekera kale."

Anandipatsabe, chifukwa ndili nawo ngongole ya zipi ndipo safuna ndisiye kudutsa pamenepo. Waya ndinasolola ku galimoto yawaya ya mnyamata wanga, ulusi ndinamasula ku chipewa choluka chimene apongozi anaiwala kwathu nthawi yozizira.

Kapangidwe kake mukakamva mungati n'zamasewera. Mumapinda waya pakati, popindikapo ndiye mutu, nsonga ziwirizo miyendo. Mumapingasa kawaya kena pachifuwa kuti akhale manja, n'kukulunga ulusi thupi lonse mothinitsa mpaka waya asaoneke. Kumutu mumamata kapepala kapena thonje, n'kudontheza maso ndi bolopeni. Chotsala n'kukaveka. Amayi a ku Guatemala amativeka zotsala za nsalu zawo zoluka pamanja, zonga za bulauzi yotchedwa huipil, imene maluwa ake amasonyeza mudzi umene mwini wake akuchokera. Tanga tinavala zimene atelala anasesa pansi: kena chitenje cha amayi a kumpingo, kena yunifolomu ya pulayimale, kena nsalu ya chipani yokhala ndi khutu limodzi la mtsogoleri.

Koma zala zanga zinazolowera jombo ndi khasu. Koyamba kanatuluka ndi dzanja limodzi lalitali losongoka m'mwamba ngati kondakitala wa minibasi woitanira anthu. Kachiwiri mutu unagwera kumsana. Ndinati palibe kanthu, sitikupita ku mpikisano wa chiphadzuwa, ife tikufuna antchito a usiku.

Vuto linabwera pogawa ntchito. Lamulo lake n'lakuti kachidole kamodzi, nkhawa imodzi. Mwana wa ku Guatemala tizidole 6 timamukwana, pakuti iye amaopa mdima, galu wa aneba ndi mayeso a masamu. Nkhawa zanga zili ndi chiwongoladzanja. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nkhawa iliyonse m'nyumba mwanga inabereka ana. Ndiye ndinachita zimene amachita mabwana antchito akachepa: ena maudindo awiri, ena atatu. Ka kondakitala ndinakapatsa lendi, thiransipoti ndi makala. Ka yunifolomu, fizi ndi nsapato za ana. Ka nsalu ya chipani ndinakasenzetsa feteleza yekha, popeza ndi iwo amene analonjeza.

Usiku magetsi atazima, amayi akunyumba atatembenukira kukhoma n'kuyamba kupuma mwa tulo, ndinatulutsa antchito anga. Ndinayamba ndi zodziwika kale. Koma kulankhula ndi chinthu chosayankha n'kokoma, abale. Palibe chokufunsa kuti "ndiye munaganiza bwanji?" Mtima unamasuka. Ndinaulula za katapila amene ndinamusiyira chiphaso changa. Ndinaulula za ndalama ya banki m'khonde imene inali m'chitini cha mkaka pamwamba pa kabati, kuti siinadyedwe ndi chiswe monga ndinanenera. Ndinafotokozanso mwatsatanetsatane timu ya ku England imene inandigwetsa pa mphindi yomaliza, ndalama ya chitini ija ili pamsana pake. Ndinatiika tonse kunsi kwa pilo, ndipo kunena zoona ndinagona tulo tofa nato.

M'mawa ndinapisa dzanja kunsi kwa pilo, mulibe. Mphwanga uja anali atanenapo kuti makolo ena kumeneko amachotsa kachidoleko usiku, kuti mwana podzuka aone kuti nkhawa yapita. Ndinamwetulira ndekha. Ndiye kuti zagwira.

Ndinatipeza pabalaza, titandandalikidwa patebulo, amayi akunyumba atakhala pampando manja atapinda.

"Bambo a ana, tizithumwa iti mwatitenga kuti?"

"Si zithumwa, mayi. Ndi nzeru za ku Guatemala."

"A Guatemala amenewo amachizira kuti? Akudyerani zingati?"

Ndinafotokoza za mapiri, za chimanga, za msika wa Lachinayi. Nditaona kuti sizikulowa, ndinatulukira kwa malamulo. Ndinawakumbutsa kuti m'dziko muno muli lamulo la 1911 loletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo olinyozera amakayankha kukhoti.

"Ine sindinakuneneni ufiti," anatero mofatsa. "Mfiti imakhala yochenjera. Siulula ngongole zake mokweza mkazi wake ali pambali."

Anatola ka mutu wogwera kumsana kaja, n'kubwereza zonse zimene ndinakauza, osadumpha ngakhale dzina la timu. Anatola kena, chimodzimodzi. Pomafika pa chipewa cha amayi awo, chimene anachizindikira ndi mtundu wa ulusi, tiyi wanga anali atazizira.

Khadi ya kubanki tsopano imagona m'chikwama chawo. Kwa katapila anapita okha, ndipo sindikudziwa zimene anakambirana, koma chiphaso changa chinabwera ndipo mkuluyo akandiona amawolokera tsidya lina la msewu. Ine ndimalandira ya minibasi m'mawa uliwonse, yowerengedwa kawiri. Nkhawa ya ndalama ndilibe, pakuti munthu sada nkhawa ndi chimene sachigwira.

Tizidole tija anapatsa mtsikana wathu kuti azichitira masanje. Iye anataya ka kondakitala pakhomo, ndipo tsiku lomwelo alandilodi anabwera kudzakumbutsa za lendi. Anaima, anakayang'ana kali gone pamenepo dzanja litaloza kwa iwo, anabwerera chafutambuyo mpaka kugeti. Chiyambire tsikulo amangotumiza uthenga pafoni, woyamba ndi kufunsa ngati ana adzuka bwino.

Dzulo atelala anandikodola ndikudutsa. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Achimwene, tija ta kusukulu tija, simungandipangireko tiwiri? Eni khonde lino akweza lendi. Za zipi tiiwale."