Dzina la Kafue tiyambe kulipiritsa lendi

Loweruka lapitali foni inalira ndili pakati pometa ndevu. Anali alamu anga a ku Chipata. "Alamu, ndafika pa Kafue, bwerani mudzanditenge. Ndanyamula nshawa." Nditangomva za nshawa, ndinasiya tsaya limodzi losameta n'kuthamangira pokwerera minibasi. Ndinasuzumira m'galimoto iliyonse, ndinafunsa mangwangwazi onse, alamu osaoneka. Nditawaimbira kuti anene chimene akuona, anati akuona magalimoto akungozungulira ndi chinyumba chachitali cha Findeco.

Munthu anali pa Kafue Roundabout, mkati mwa Lusaka, makilomita oposa 40 kuchokera m'tauni yathu ya Kafue pamene ndinaima ine ndi theka la ndevu.

Ndinakwera minibasi. Kondakitala anayang'ana ndalama yanga ngati ndamupatsa tsamba la chibwabwa. "Onjezerani, bwana, mafuta akwera." Chikhalire sindinamvepo kondakitala akunena kuti mafuta atsika, tengani chenji. Koma tisiye zimenezo. Nzeru inandibwerera pa Shimabala, pamene dalaivala amalipira msonkho wa msewu pageti. Ngati phula limalipiritsa aliyense woponda, nanga dzina lathuli tikulibwereketseranji ulele?

Ndinayamba kuwerenga angongole. Woyamba ndi raundabauti ija, ndipo ilipirenso ulendo wanga. Wachiwiri ndi Kafue Road, msewu umene ma shopping mall ake ambiri ali ku Lusaka. Kenako Kafue National Park, chinkhalango cha masikweya kilomita 22,400 chimene chili kutali kumadzulo uko. Njovu za kumeneko zakhala zikudya dzina lathu kuyambira m'ma 1950 osapereka ngakhale ngwee imodzi. Azungu amazijambula n'kukauza anzawo kwawo kuti anafika ku Kafue, chonsecho Shikoswe sakumudziwa, ku Zambia Compound sanapondeko. Msuweni wanga wa ku London anandifunsapo ngati mikango imafika pakhomo usiku. Ndinati imafika, koma kuno timaitcha udzudzu.

Kafue Gorge nayo ndinailemba. Malaiti amanyamuka ndi dzina lathu kukawalitsa dziko, pomwe ine shati ya kutchalitchi ndimasita ndi makala.

Chimene anatisiyira ndi mtima wonse ndi namasupuni, udzu uja wophimba mtsinje. Kwawo ndi ku South America, koma kuno aliyense amati Kafue weed. Zikakhala njovu ndi za dziko lonse, ukakhala udzu ndi wathu.

Pobwerera ndinawaonetsa alamu Kafue weniweni. Ndinawauza za mlatho wa sitima umene unamangidwa mu 1906 ndipo ukadali chiimire. Ndinawalozera michumuni ya Nitrogen Chemicals ndi nyumba za ku Estates zimene anamangira antchito a m'mafakitale nthawi ya Kaunda. Kuno adiresi sitiinena ndi dzina la msewu. Timati upite ngati ukulowera kumene kunali Kafue Textiles, ukhote pamene panali mtengo wa mango, ufunse pa kantemba. Theka la zizindikiro zathu zimayamba ndi mawu akuti "panali". Alamu anangoti, "Oho," maso ali pathumba lawo, limene tsopano ndinaona kuti linali laling'ono kuposa mmene linamvekera pafoni.

Kunyumba ndinawafotokozera amake ana za pulani yanga ya lendi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati tauniyi nayonso dzina inabwereka kumtsinje, ndipo munthu amene ali ndi ngongole ya miyezi iwiri kwa alandilodi asamatchule mawu akuti lendi mokweza, makoma ndi opyapyala.

Apo alamu anapempha madzi osamba. Ndinatsegula pompi, inatsokomola kawiri n'kukhala chete. "Alamu, si kuno kuli mtsinje?" Inde ndi kuno. Ku Iolanda amapopa madzi a mtsinje womwewu usana ndi usiku, mapaipi n'kuwanyamula mpaka ku Lusaka. Sindikudana nazo kuti anzathu amwe. Chimene chimandiwawa n'kuona mwana wa sukulu wa m'komboni, wobadwira m'mphepete mwa Kafue, akudzuka mbandakucha ndi chigubu kumutu kukasaka madzi. Pamenepo palibe choseketsa, ndipo amene amakonza mapulani akudziwa.

Ndinawapatsa alamu chigubu chimodzi, ine ndinatenga chinacho. Panjira anandiyang'ana kumaso nthawi yaitali, kenako anafunsa mwaulemu ngati kameteka kameneka ndi sitayilo ya ku Kafue. Ndinati eya, ndipo akafuna kukayamba nayo ku Chipata, alipire.