Mphindi 40 zopulumutsa

Zoom inaika malire a mphindi 40 pa misonkhano yaulere n'cholinga choti anthu atope nazo, alipire. Koma ambiri amawaona ngati chisomo, poti ndi malire okhawo amene amadula wapampando pakamwa popanda mlandu. Google Meet imapereka ola lathunthu, ndipo si onse amene amayamika kuwolowa manja kotere.

Batani lozimitsira kamera nalonso lili ndi olikonda, makamaka ovala jekete kumtunda, kabudula kumunsi.

Zosinthira nkhope ndizo zobweretsa chitonzo. Mu February 2021, loya wina ku Texas anaonekera kwa woweruza Roy Ferguson ali ndi nkhope ya kamwana ka mphaka, maso ali mwazumwazu. Zitakanika kuchoka, bamboyo anatsimikizira khoti kuti iye si mphaka, ndipo ngwokonzeka kupitiriza mlandu ali choncho.