Phunziro la "coming" kwa alendo athu a ku China

Anzathu a ku China amene mwafika ku Mzuzu ndi Chingerezi cha m'buku, musanatsegule katoni ngakhale imodzi ya maloko ndi matochi, takhalani kaye pansi tikuphunzitseni liwu limodzi limene lingakudwalitseni mutu kuposa msonkho. Liwulo ndi "coming".

Dikishonale yanu sinaname ayi. Imati "come" ndi lai, kuyenda molunjika kumene kuli woyankhula, ndipo "go" ndi qu, kuchokako. Aphunzitsi anu ku Guangzhou anatuluka thukuta pokufotokozerani za kamchira ka "-ing", poti m'chinenero chanu mneni sasintha maonekedwe, kaya chinthu chinachitika dzulo kaya chidzachitika mawa. Anakuuzani kuti munthu akati "I am coming" ndiye kuti miyendo yake ili kale panjira. Ku London zili choncho ndithu: mlendo akagogoda, mwininyumba amakuwa mawuwa uku akuthamangira kuchitseko. Pa Katoto pano, dera lathu la mu Mzuzu, munthu amanena mawu omwewa atakupatsani msana.

Muona nokha sabata yoyamba. Mnyamata amene mwamulemba ntchito m'shopu aika tsache pakona, apukuta manja pa buluku, n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Boss, I'm coming." Inu muyang'ana pakhomo kuti muone amene akulowa, koma muona mnyamata yemweyo akutuluka, n'kuwoloka msewu wa ku Karonga, n'kuzimiririka. Musathamangire kutsegula buku lanu, ndipo musamuganizire kuti wasuta chinachake. Iye wangotenga "ndikubwera" wa Chichewa, kapena "nkhwiza" wa Chitumbuka, n'kumuveka suti ya Chingerezi.

Chifukwa chake n'chomveka mukadziwa mtengo wa kutsanzika kuno kwathu. Munthu sungangonyamuka n'kuti "ndapita". Uyenera kunena kumene ukupita, kulandira moni wokapereka kwa onse akunyumba, kufotokoza chifukwa chimene sungadikire nsima, kenako eninyumba akuperekeze mpaka pa mphambano, pamene nkhani yeniyeni imene unabwerera imayambira. Zonsezi zimadya ola lathunthu. Ndiye makolo athu, anthu anzeru, anapeza njira yachidule. Ukati "ndikubwera" sunatsanzike, choncho palibe wokuperekeza, palibe wokufunsa mafunso, palibenso wokhumudwa. Pamalamulo a ulemu ukadali pomwepo, ngakhale thupi lako lili ku Zolozolo.

Tsono funso limene inu amalonda mumalikonda ndi lakuti: abwera nthawi yanji? Apa mverani bwino, chifukwa masamu ake amayenda chobwerera m'mbuyo. "Coming" wopanda chokometsera akhoza kutha mphindi makumi awiri. Akawonjezapo "just", pitani mukadye nkhomaliro. Akati "now now", kapena akasakaniza n'kuti "nkhwiza sono sono", tsekani shopu, mukaonana mawa. Mawu akamachuluka, mtunda nawo ukutalika. Amene ali pafupi zenizeni sayankhula n'komwe, mumangomuona wafika.

Pa foni ndiye pamene liwuli limaonetsa mphamvu zake zonse, ndipo apa dera lathu lino lili ndi udindo wapadera. Katoto ali pakamwa pa tauni, kotero aliyense wochedwa mu Mzuzu amati ali pa Katoto. "I'm coming, ndili pa Katoto pompa." Amene akunena zimenezi mwina ali m'bulangete ku Mchengautuwa, mwina akudikira minibasi idzaze ku Ekwendeni, mwina basi yake yangodutsa kumene pa Jenda ndipo nkhalango ya Chikangawa sanayione n'komwe. Anthu onse amene amati ali pa Katoto akanakhaladi pa Katoto nthawi imodzi, khamu lake likanaposa la zionetsero zimene zimayambira pabwalo la sekondale ya Katoto, ndipo apolisi akanabwera kudzafunsa chilolezo. Langizo langa n'lakuti musamamvere mawu ake, muzimvera za kumbuyo kwake. Mukamva mahutala ndi oitanira, pali chiyembekezo. Mukamva tambala, kapena madzi akukhuthukira m'beseni, munthuyo sanavale n'komwe.

Palinso "coming" wa zinthu zopanda miyendo. Chenje kuno chimabwera chokha. Mukapereka K5,000 kwa kondakitala, iye amaipinda pakati pa zala n'kunena kuti "change is coming", osatchula kumene chikuchokera. Wa Sacramento, njinga yakabaza ija, amakusiyirani njinga yake ngati chikole n'kupita kukasintha ndalama, ndipo ameneyu yekha ndiye amabweradi msanga, chifukwa njingayo ndi yodula kuposa chenje chanu. Magetsi akazima, oyandikana nawo amakuuzani kuti akubwera. Madzi akasiya kutuluka pampopi, akubwera. Malipiro akubwera. Tauni yonse ili panjira, bwana, kungoti palibe amene akudziwa kuti njira yake ndi iti.

Koma pamene ndikufuna mukhalitse ndi pa fundi, chifukwa apa ndi pamene ndalama yanu idzalire. Kalipentala, pulambala ndi wowotcherera zitsulo ali ndi ma "coming" awiri osiyana, ndipo malire ake ndi adivansi. Musanapereke adivansi, fundi amafika tambala asanatsike mumtengo, tepi ili m'manja, pensulo ili kukhutu. Ayeza khomo lanu kawiri, agwedeza mutu, anyoza amene anagwira ntchitoyo poyamba. Mukangopereka theka la ndalama, akuti akukagula misomali pa Zigwagwa, "I'm coming." Kuti mtima wanu ukhale m'malo, akusiyirani hamala yake pansi. Hamalayo musaiderere, ndi kazembe wake. Idzakhala m'shopu mwanu masabata, ikukutsimikizirani kuti mwini wake sanathawe. Mukamuimbira, Lolemba ali kumaliro, Lachitatu foni inagwera m'madzi, Lachisanu "ndinabwera koma ndinapeza potseka", chonsecho inu simunachoke pakauntala. Tsiku limene adzatulukire, sadzabwera kudzamaliza geti lanu. Adzabwera kudzabwereka hamala ija kuti akaisiye kwa kasitomala wina.

M'maofesi ntchito ya hamala imagwiridwa ndi jekete. Mukalipeza litakoloweka pampando, mlembi adzakuuzani mokoma kuti abwana angotuluka pang'ono, akubwera. Jeketelo ndi limene limafika molawirira kuposa wina aliyense ndipo silipita kutchuthi. Ine ndimaona kuti likanayenera kukwezedwa pantchito.

Musadabwe kuti anthu wamba afika pamenepa, poti anaphunzira kwa akuluakulu. Boma lanu ndi lathu anagwirana chanza kumapeto kwa 2007, ndipo mu 2012 lamulo linati alendo ochita malonda azichitira malondawo m'mizinda ikuluikulu yokha, n'chifukwa chake ena mwa inu munachoka m'maboma n'kudzatsegula kuno ku Mzuzu. Koma pofika inu, liwuli linali litakalamba kale pa nsanja za ndale. Msewu wa Karonga–Chitipa unakhala "coming" kwa zaka zosawerengeka, anthu a ku Chitipa akudya fumbi ndi malonjezo, mpaka abale anu anadzauthira phula. Mwala wa maziko a yunivesite ya Mombera ku Mzimba unaikidwa mu 2015, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake ophunzira ake anali "coming". Mwala wa maziko ndi hamala ya boma. Chitukuko chikamanenedwa kuti chikubwera, anthu amaomba m'manja, amayi n'kululutira, chifukwa palibe amene wanama. Sanatchule tsiku.

Ndisanapitirire, ndaona ena mwa inu mukugwedeza mutu ngati kwanu zotere kulibe. Tisanamizane. Kwanu kuli liwu lakuti mashang. Ma ndi hatchi, shang ndi pamwamba, kutanthauza kuti munthuyo ali kale pamsana pa hatchi, afika pompano. Woperekera zakudya m'lesitilanti ya ku Beijing akati mashang, kodi mbale imatera patebulo nthawi yomweyo? Inu nomwe mumaseka kuti hatchiyo nthawi zina imakhala isanabadwe. Ndiye ife ndi inu ndife apachibale pankhaniyi, kusiyana kwake n'kwakuti wanu ali pa hatchi, wathu ali pa Katoto.

Nanga muyankhe bwanji? Osakwiya, chifukwa wokwiya ndi amene amaoneka wopanda khalidwe. Osafunsanso kuti "nthawi yanji", poti funso limenelo limamveka ngati mukumuyesa munthu wabodza, ndipo adzakuyankhani kuti "ah bwana, simundikhulupirira?" Mungoti "chabwino" kapena "yewo", n'kupitiriza ntchito yanu. Ndalama ya fundi muzipereka zida zikafika pakhomo. Mukaitana anthu kumsonkhano, onetsetsani kuti mphekesera ya alawansi yafika patsogolo pa kalata, ndipo mudzaona anthu amene sanasungepo nthawi chibadwire atakhala kale pampando wakutsogolo, cholembera chili m'manja. Kumaliro nako anthu athu amafika osalonjeza, ndipo pamenepo sindiseka, ndimavula chipewa.

Patsala "coming" mmodzi amene amatsata dikishonale yanu liwu ndi liwu, monga anakuphunzitsirani ku Guangzhou. Ndi wa munthu amene muli naye ngongole. Amayi a banki mkhonde akati akubwera, musafunse kuti ali pati. Mwininyumba akaimba pa 30 n'kunena kuti "I am coming", ikani pansi phunziro lonseli, tengani envelopu ya lendi mukatsegule geti, chifukwa akuimba ataima pomwepo.