Ng'oma ya Batire ku Texas

Wopusa anaomba ng'oma, wochenjera navina. Mwambi umenewu ndinkauyesa wa pabwalo la gule basi, mpaka posachedwapa pamene ndinaona kavidiyo ka bambo wina wa ku Texas atagwada pansi pa mgolo m'thengo, waya ali kukamwa, akukonza makina odyetsera agwape.

Eya, makina otero aliko. Alenje ambiri kumeneko amaimika mgolo wa malita 200 pa miyendo itatu n'kuudzaza chimanga. Kunsi kwake kuli wotchi, kambale kozungulira, ndi kamota koyendera batire ya mavoliti 6 kapena 12. M'bandakucha ndi chakumadzulo kambale kamazungulira masekondi owerengeka, chimanga n'kumwazika kuti waa! Agwape amalizolowera phokosolo, ndipo nyengo yosaka ikatsegulidwa mu Novembala, mlenje amangokhala m'kanyumba kake n'kumadikira alendo. Ng'omayo ndi imeneyo. Malamulo a Texas amalola zimenezi pamalo a munthu, pamene zigawo zina za America zinaletsa poopa matenda a CWD, omwe amafala nyama zikamadyera pamodzi.

Tsono ng'oma yake ndi yokonda kunyanyala. Wodziwa amayamba ndi batire. Ya mavoliti 12 ikadzaza, mita imaonetsa cha m'ma 12.6, ikafooka, kaya sola yakutidwa ndi fumbi kaya mitu yachita dzimbiri, kamota kamangong'ung'udza. Batire ili bwino? Ona fuzi. Fuzi ili bwino? Zula mawaya awiri a kamota, uwagunditse pa batire penipeni. Kakazungulira, mlandu ndi wa wotchi. Kakakana, pukusa kambale ndi chala: mwina kachidutswa ka chitsononkho katsamwitsa khosi la mgolo, kapena mvula inalowa, chimanga n'kuundana ndi chuku. Tsiku lina ukatsegula kabokosi ka wotchi umapeza mavu anamangamo kale, ndipo kafukufuku yense amathera pomwepo, ndi liwiro la mtondo wadooka.

Nanga ovina ndani? Kamera yomangirira pamtengo siinama. Agologolo amatafuna mawaya. Raccoon, kanyama ka zala ngati za mwana woba shuga, kamakwera mwendo wa mgolo, n'kulendewera, n'kumazunguza kambale ndi dzanja abale ake akutola pansi. Za wotchi sikafuna kumva. Ng'oma kanaphunzira kuomba kokha. Mlenje amagula kakhola ka waya n'kutchinga kambale. Apo mpamene nguluwe, zomwe ku Texas ziliko mamiliyoni, zimafika ndi ana omwe, n'kukankha miyendo mpaka mgolo phofo! Mlenje amakhoma zikhomo. Amamanganso mpanda waufupi, woti gwape alumphe koma nguluwe ilephere. Zonsezi ndi ndalama, ndi mafuta a galimoto, ndi Loweruka lake lonse.

Ndipo gwape wamphongo wa nyanga zazikulu, mwini wake phwando, nthawi zambiri amatulukira pakati pa usiku, pamene lamulo sililola kuwombera. Amadya, amayang'ana kamera, amapita. Ofika dzuwa likuwala, omvera wotchi bwinobwino, ndiwo amathera mufiriji, choncho si wovina aliyense amene ali wochenjera.

Pali pena pamene kuseka kumandithera. Mgolo umodzi umameza matumba atatu a makilogalamu 50 kapena kuchepera pang'ono. Aliyense amene anaimapo pamzere wa chimanga mu Febuluwale akudziwa kuti ndi nsima ya masabata angati imeneyo. Mlenjeyo sindimuimba mlandu: malo ndi ake, chimanga anagula yekha, ndipo nyamayo banja lake limadyadi. Koma kuona nguluwe ikugudubuzika pa mulu wa chimanga kumandiwawa m'mimba ndithu.

Katswiri wa gule ameneyu sajambulidwa n'komwe ndi kamera ya pamtengo. Amakhala m'tauni, kuseri kwa kauntala, akugulitsa batire, fuzi, wotchi yatsopano, kakhola ka waya, msampha wa nguluwe, ndi chimanga cha m'matumba ojambulidwa gwape wa nyanga zazikulu. Ukamudandaulira za raccoon amagwedeza mutu mwachisoni, kenako n'kukufunsa ngati unaganizako zogula mgolo wachiwiri.